Zithunzi zasamuka, zokonza zatsala

Funso: Ndimajambula maukwati ndi ma kitchen party kuno ku Garden. Ndinakonza zithunzi mu Lightroom, koma nditazitsegula mu darktable zikuoneka ngati sindinazikhudze n'komwe. Zalakwika pati?

Yankho: Bambo, Lightroom sisintha fayilo ya RAW, zokonza zanu imazisunga m'katalogi yake. Sankhani zithunzizo mu Lightroom, dinani Ctrl+S, ndipo idzalemba kafayilo ka XMP pambali pa chithunzi chilichonse. Muzikopa ziwirizi limodzi. Mukatero darktable idzawerenga nyenyezi, mawu amene munalembapo ndi kadulidwe, koma mtundu musaudalire, poti pulogalamu iliyonse imausakaniza mwanjira yake. Chithunzi chimene mkwatibwi wachivomereza kale chitulutseni ngati TIFF basi. Pa WhatsApp tumizani ngati document, apo ayi dzina lanu ndi tsiku lojambulira zosungidwa m'fayiloyo zimafufutika.