Dzimbiri pa ubongo: matenda amene amagwidwa ndi maginito

M'thupi la munthu wamkulu muli ayironi wokwana pafupifupi magalamu 4, ngati kamsomali kamodzi basi. Wambiri amakhala m'magazi, mu hemoglobin, n'kumanyamula mpweya wabwino. Akakhala mmenemo ndi bwenzi, koma akatayikira malo olakwika amasanduka poizoni. Lero ndikufuna tione matenda osowa kwambiri otchedwa superficial siderosis. Dzinali likungotanthauza kuti chitsulo chamatirira pamwamba pa ubongo ndi mtsempha waukulu wa mumsana.

Ubongo ndi mtsemphawu zimayandama m'madzi oyera mbee okwana pafupifupi mamililita 150, ndipo zonse zakutidwa ndi chikopa cholimba chotchedwa dura. Chikopachi chikang'ambika, mwina pangozi kapena pa opaleshoni ya msana, magazi akhoza kumadonthera m'madzimo pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Munthu samva kanthu. Maselo a magaziwo akamaphwanyika, ayironi wake amatsalira ngati hemosiderin, zofiirira ngati dzimbiri la khasu logonera panja dzinja lonse.

Choyamba kuvutika nthawi zambiri ndi makutu, onse awiri, ndipo mawu ang'onoang'ono okwera, monga kulira kwa mbalame, ndi amene amayamba kusowa. Chimene chimadyeka kwambiri ndi mtsempha wochoka kukhutu kupita ku ubongo, umene mbali yake yaitali imakhala ili m'madzi aja. Kenaka kaubongo kakang'ono ka kunkhongo, kamene kamatithandiza kuyenda mowongoka, nako kamawonongeka. Munthu amayamba kudzandira, kuyenda motangadza, lilime kulemera. Ena miyendo imauma, mkodzo kuvuta kuugwira, fungo osalimvanso.

Taganizani bambo wotere pamsika wa Kasina. Anthu angoti walawa kachasu m'mamawa, ena ati amulodza. Palibe angakumbuke kuti zaka 15 zapitazo bamboyo anagwa pa njinga yamoto n'kuzuka mitsempha ya paphewa. Chonsecho kuvulala kwa mtundu umenewu ndi chimodzi mwa zoyambitsa zodziwika bwino, ndipo zizindikiro zimatha kudikira zaka 10 kapena 20. Ndi mmene kabaza wachulukira m'misewu yathuyi, ine ndimaona kuti nkhaniyi si ya azungu okha ayi.

Tsono fizikisi ikulowa pati? Matendawa analembedwa koyamba mu 1908, koma kwa zaka zambiri madokotala ankawatsimikiza munthu atamwalira kale, pomupima mtembo. X-ray sawaona. CT scan nayonso kawirikawiri imangowadutsa. Anasintha zinthu ndi makina a MRI.

A Fomu 2, mwaonapo singano ya kampasi ikupatuka mukaiyandikizira msomali. Mfundo yake ndi yomweyo. M'madzi a m'thupi muli ma proton a haidirojeni, ndipo aliyense ali ngati kamaginito. Maginito aakulu a MRI amawafoletsa, mafunde a wailesi amawakankha, ndiye onse amayamba kuzungulira limodzi n'kumatulutsa siginecha imene kompyuta imasandutsa chithunzi. Zili ngati amayi atatu akusinja mumtondo umodzi: misi ikamatsika motsatana bwino, kugunda kwake kumamveka mpaka kutsidya. Pamene pali hemosiderin, mphamvu ya maginito imasokonekera, proton wina amathamanga, wina amatsalira, ndipo siginecha imazima msanga. Pachithunzi pamaoneka mzere wakuda bii wozungulira ubongo ndi mtsempha wa mumsana, ngati wina wadutsitsapo pensulo. Umboni wake ndi umenewo: malo amene makina alephera kumva kanthu.

Kuno kwathu makina a MRI anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, makamaka pofuna kufufuza malungo a muubongo mwa ana. Mphamvu yake inali 0.35 tesla, kuposa maginito a dziko lapansi pafupifupi ka 10,000. Koma wodwala wa ku Kasina sangodzukira kumeneko. Amayambira pachipatala chaching'ono, kenaka ku Dedza boma, kenaka Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo paliponse wina ayenera kukayikira kaye matendawa. N'chifukwa chake mbiri ya ngozi yakale, ngakhale yoiwalika, ndi yofunika kuwauza adokotala. Iwo amayezanso makutu, nthawi zina n'kutengako madzi a mumsana kuti aone ngati muli magazi, ngakhale kuti madziwo amatha kutuluka oyera munthu akudwala ndithu.

Musathamangire kunena kuti agogo anu ali ndi siderosis poti akumva movutikira. Ukalamba, mafinya a m'khutu, matenda oumitsa khosi ndi mankhwala ena ndiye zimagonthetsa anthu ambiri. Chokayikitsa ndi kugontha makutu onse pamodzi ndi kudzandira, zonse zikukulirakulira chaka ndi chaka.

Akawapeza, madokotala amafufuza pamene pakudonthapo n'kutsekapo ndi opaleshoni. Ena amapatsidwa deferiprone, mankhwala okoka ayironi. Izi zimatha kuimitsa matendawa kuti asapitirire, koma mtsempha wa khutu umene wafa kale kawirikawiri subwereranso.