Kodi Makina Ounikira M'mimba Angaononge Mwana?

Kusikelo za ku Chintheche, Kande ndi Mpamba alipo amayi ena amene, anamwino akaŵatumiza kukaunikidwa m'mimba, amazengereza poopa kuti makinawo angatenthe mwana kapena kumpundula. Mantha otereŵa si achilendo, pakuti adayamba agwirapo ndi madokotala omwe.

Makinaŵa sagwiritsa ntchito cheza cha ekisire ayi. Amatumiza mawu amene khutu la munthu silingamve, ndipo mawuwo akagunda mutu kapena msana wa mwana amabwerera, monga momwe amabwererera mawu a msodzi akafuula pafupi ndi mapiri a ku Usisya. Mawu obwererawo ndiwo amasanduka chithunzi. Amene adafalitsa njira imeneyi ndi Dr. Ian Donald wa ku Glasgow, m'chaka cha 1958.

Nanga mantha adachokera kuti? Thupi la munthu lidapangidwa ndi tizigawo tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. Pafupifupi m'selo iliyonse muli timaulusi 46 totchedwa makromozomu, 23 tochokera kwa bambo ndi 23 tochokera kwa mayi. Timaulusiti ndito tinyamula chibadwa cha munthu, kotero kuti tikaonongeka mwana angathe kubadwa ndi chilema. M'chaka cha 1970 akatswiri aŵiri a ku Cape Town, Macintosh ndi Davey, adalengeza kuti ataika magazi a munthu pa makina omvera kugunda kwa mtima wa mwana wosabadwa, timaulusi tina tidaduka. Nkhaniyi idadetsa nkhaŵa anthu ambiri. Akatswiri a m'maiko ena adayesa nawonso, koma osapeza zimenezo. Mu 1975 Macintosh yemweyo, pamodzi ndi anzake aŵiri, adabwereza ntchitoyo mosamala, ndipo sadapeze kuonongeka kulikonse. Chichokereni apo amayi miyandamiyanda aunikidwa, ndipo palibe umboni wakuti kuunika kumabweretsa chilema. Chilema chikaoneka pachithunzi, ndiye kuti chinalipo kale; makinawo angochiulula.

Komabe kusamala nkofunika. Mawu amphamvu akakhalitsa pamalo amodzi amatha kufunditsa mnofu pang'ono. Nchifukwa chake woŵaunika amayi ayenera kukhala wophunzira ntchitoyo, ndipo sachedwa popanda chifukwa. Kuunikidwa kaŵirikaŵiri pofuna kungodziŵa ngati mwana ndi wamwamuna kapena wamkazi kulibe phindu.

Mu 2016 Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse lidalangiza kuti mayi woyembekezera aunikidwe kamodzi mimba isanakwane masabata 24. Pamenepo mpamene azamba amadziŵa bwino msinkhu wa mimbayo, ndiponso ngati muli mapasa. Kwa mayi wa ku Usisya, kumene ulendo wa kuchipatala chachikulu uli wa panyanja kapena wa msewu wokwera mapiri, kudziŵiratu za mapasa kumampatsa mpata wokonza ulendo ndi kukadikira ku chipatala cha boma ku Nkhata Bay matenda asanayambe.