MATENDA A SHUGA: NYELETI, NSIMA NDI NCHITO ZIYENDERE PAMODZI

Bambo wina wa pa komboni adzilasa insulin m'mamawa, napita ku nchito yomanga nyumba osadya kanthu cifukwa tiyi inacedwa pa mbaula. Pofika 10 koloko thukuta layamba kutuluka, manja anjenjemera, lilime lalemera ndipo akuyenda dzandidzandi. Anzake aseka, ati walawirira mowa. Koma bamboyu sanamwe. Shuga wa m'magazi ake watsika kwambiri, ndipo akapanda kuthandizidwa msanga angakomoke, ngakhale kufa kumene.

Nchito ya insulin

Nsima, mbatata ndi buledi zikagayika m'mimba zimasanduka shuga amene amalowa m'magazi. Kuti shugayo acoke m'magazi ndi kupatsa thupi mphamvu, pafunika insulin. Insulin imapangidwa ndi ciwalo cochedwa pancreas, cimene ciri kumbuyo kwa cifu. Mwa anthu ena ciwaloci cimaleka kupanga insulin, makamaka akali ana kapena acinyamata. Kale odwala otere sanali kukhalitsa. Zinthu zinasintha mu 1921 pamene Frederick Banting ndi Charles Best anapeza insulin ku Toronto, m'dziko la Canada. Lero wodwala angakule, kukwatira ndi kugwira nchito monga wina aliyense.

Koma insulin ya m'nyeleti siidziwa ngati munthu wadya kapena iai. Ikalowa m'thupi imayamba kutsitsa shuga basi. Nchito yolemetsa nayo imatsitsa shuga. Ndiye cifukwa cake nyeleti, cakudya ndi nchito ziyenera kulingana tsiku liri lonse.

Malamulo a tsiku ndi tsiku

1. Wodwala adzilase pa nthawi yake, ndi mlingo umene a cipatala anamuuza. Insulin imene ambiri amalandira m'zipatala imafuna kuti munthu adye patapita mphindi 30. Cakudya ciyambe capsa, nyeleti pambuyo.

2. Asadumphe cakudya. Nsima ikhale ya mlingo umodzimodzi masiku onse, ndipo ya mgaiwa iposa yoyera. Ndiwo zamasamba monga cibwabwa ndi repu zicuruke, pamodzi ndi nyemba, nsawawa kapena kapenta.

3. Tsiku lolima, locapa zambiri kapena lopalasa njinga ulendo wautali, adyeko kanthu koonjezera asanayambe.

4. Asinthesinthe malo olasa, pamimba ndi pa nchafu. Kulasa pamodzimodzi kumaumitsa khungu, ndipo mankhwala salowa bwino.

5. Botolo losatsegula lisungidwe mu firiji, koma lisaume ngati ayezi. Kumene kulibe malaiti, liikidwe m'kacitini kotseka bwino, m'mphika wa dothi wokhala ndi mcenga wonyowa, pa mthunzi. Botolo lotsegula ligwiritsidwe nchito kwa milungu 4.

Amene ali ndi kamakina kopimira magazi pa cala adziwe kuti munthu asanadye, nambala yabwino iri pakati pa 4 ndi 7. Ikatsika kufika pansi pa 4, ngozi yayandikira. Manambalawo alembedwe m'kabuku kopita nako ku kiliniki.

Shuga akatsika

Zizindikiro zimabwera mwadzidzidzi: njala yaikuru, thukuta lozizira, kunjenjemera, mtima kuthamanga, ukali ndi kusokonezeka mutu. Ngati wodwala angathe kumeza, amwe madzi osungunuliramo masupuni a tiyi 3 kapena 4 a shuga. Pakapita mphindi 15 osasintha, amwenso. Akatsitsimuka adye nsima, phala kapena buledi kuti shuga asatsikenso.

Ngati wakomoka, asathiridwe kanthu m'kamwa cifukwa angatsamwe. Agonekedwe cammbali ndi kuthamangira naye ku cipatala. Si khunyu, si mizimu, ndipo kupita naye kwa sing'anga ndi kutaya nthawi. Wodwala aziyenda ndi maswiti m'thumba ndi kakhadi konena za matenda ake. Mowa ndi woopsa, makamaka kacasu pa mimba ya njala, popeza umatsitsa shuga munthu ali m'tulo.

Shuga akakwera

Uku kumadza pang'onopang'ono. Munthu amamva ludzu losatha, amakodza kawirikawiri, amaonda ndi kufooka. Nthawi zambiri zimacitika wodwala akagwidwa ndi malungo kapena matenda ena, naleka nyeleti poganiza kuti popeza sakudya bwino saifuna. Uku ndi kulakwa kwakukuru. Thupi lodwala limakweza shuga, ndipo limafunabe insulin. Wodwala amwe madzi ambiri, adye phala pang'onopang'ono, ndipo aonane ndi a cipatala tsiku lomwelo kuti amuuze mlingo woyenera. Akayamba kusanza, kumva m'mimba kupweteka, kupuma mozama ndi kununkha m'kamwa ngati zipatso zakupsa, afunika kugonekedwa m'cipatala mosacedwa.

Shuga wokhala pamwamba zaka zambiri amaononga maso, impso ndi mapazi. Cotero wodwala aziyang'ana mapazi ake madzulo ali onse, asayende wopanda nsapato, ndipo apimitse maso kamodzi pa caka.

Matendawa si a munthu mmodzi. Amai ophika, ana a sukulu, aneba ndi anzake a ku nchito, onse ayenera kudziwa zizindikiro ndi pamene pamakhala shuga m'nyumba. Wodwala akasokonezeka mutu sangathe kudzithandiza yekha. Amene ali naye pafupi ndiye adzamupulumutsa.