Ntchito ya Kufakitale Yaikulu ya Mankhwala: Ubwino ndi Zovuta Zake

Abale ndi alongo a ku Tongogara, ndikabwera kumsasa kudzathandiza pamisonkhano ya achinyamata, funso limakhala lomwelo: "Achimwene, ntchito ya kufakitale ya mankhwala ingapezeke?" Ndinagwirako zaka ziwiri, ndikulongedza mapilitsi m'mabokosi. Lero ndikuuzeni zimene ndinaona kuti musankhe mukudziwa.

M'dziko muno muli makampani angapo opanga mankhwala. Ku Harare kuli CAPS ndi Varichem, imene inayamba kupanga ma ARV mu 2003. Ku Bulawayo kuli Datlabs ndi Plus Five. Onsewa amayang'aniridwa ndi bungwe la boma la MCAZ, limene limaonetsetsa kuti mankhwala ndi abwino asanafike kwa odwala.

Ubwino wake

Choyamba, malipiro amabwera pa tsiku lodziwika. Si ganyu woti lero wapeza, mawa wagona ndi njala. Umalandira pepala losonyeza ndalama zako ndi zimene adula za NSSA.

Chachiwiri, umaphunzira mwambo. Sulowa m'chipinda chopangira mankhwala usanasambe m'manja, kuvala chovala cha ntchito ndi kuphimba tsitsi. Ndolo, mphete ndi chakudya zimatsala kunja. Bokosi lililonse limakhala ndi nambala ya gulu limene linapangidwira komanso tsiku lotha mphamvu, ndipo chilichonse chimene wachita umalemba n'kusainira. Luso limeneli ndili nalo mpaka lero. Ndikachezera agogo odwala shuga, ndimayamba ndaona tsiku pabotolo lawo.

Zovuta zake

Ulendo ndi umene unkandidyera ndalama. Ndinkadzuka 4 koloko, kukwera kombi pa Makoni, kudutsa Seke Road mpaka m'tauni, kenako kukwera ina yopita kumafakitale. Makombi anayi pa tsiku, kuphatikizapo lendi ya chipinda ku Zengeza, madzi ogula ndi ufa. Pakati pa mwezi m'thumba munkakhala mopanda kanthu. Kumsasa lendi sitiidziwa, koma kuno mwini nyumba safuna kumva nkhani.

Ntchitonso ndi yoimirira tsiku lonse. Ukamata pepala lolakwika pabotolo limodzi, gulu lonse limaimitsidwa ndipo dzina lako lili pomwepo. Pageti amasecha aliyense. Mnzanga wina anachotsedwa ntchito chifukwa cha mapilitsi ochepa a mutu amene anatengera mayi ake. Ana ake atatu anavutika chaka chonse.

Kukwezedwa nakonso n'kovuta. Maudindo a mu labotale amafuna anthu a digiri kapena dipuloma ya sayansi. Ife a Fomu 4 timakhala polongedza, nthawi zambiri pa kontirakiti ya miyezi yochepa. Yanga itatha komaliza, sanaiwonjezere.

Musananyamuke

Ichi ndiye chachikulu. Othawa kwawo m'Zimbabwe muno amayenera kukhala kumsasa, ndipo kulembedwa ntchito kumafuna chilolezo. Kampani yaikulu siilemba munthu wopanda mapepala. Choncho wina akakuuzani kuti, "Ndipatseni madola angapo ndikulowetseni, mapepala tidzaona pambuyo," dziwani kuti ndi wakuba. Ndaonapo anyamata awiri atagulitsa foni ndi mbuzi, n'kumagona pasiteji ya basi ku Mbare, munthu uja atazimitsa foni.

Chitani izi:

1. Yambani mwafunsa ku ofesi ya woyang'anira msasa za chilolezo chotulukira ndi chogwirira ntchito.
2. Sungani bwino masatifiketi anu, makamaka a Masamu, Sayansi ndi Chingerezi.
3. Lembani papepala malipiro, muchotsepo lendi, thiransipoti ndi chakudya. Zotsalazo ndiwo malipiro anu enieni.
4. Musasaine kontirakiti musanaiwerenge yonse.

Ine sindidandaula kuti ndinagwirako, chifukwa ndinapita ndi mapepala athunthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene muli ndi mafunso, mudzandipeze pamsonkhano wa achinyamata wa mwezi wamawa, mutabweretsa masatifiketi anu kuti tidzaone limodzi.