Ngwazi za ku Japan Zikavala Thupi la Munthu

Ndapempha kamalo m'magazini yathu ino kuti ndikambepo za mtundu wina wa akanema a ku Japan. Nkhani za akanema amenewa zinayamba kuoneka pa wailesi yakanema monga zithunzi zojambula pamanja, zija tizitcha makatuni, ndipo patapita zaka zinaseweredwanso ndi anthu amoyo. Funso langa nali: kodi nthano ikasamuka chotero, itsala yomweyo?

Tiyambe ndi kumene nkhanizi zinachokera. M'chaka cha 1962 Tatsuo Yoshida ndi abale ake awiri anakhazikitsa kampani yotchedwa Tatsunoko ku Tokyo. Kampani imeneyi inatulutsa makatuni a ngwazi amene ana a m'dzikomo anawakonda koposa: Gatchaman mu 1972, Casshern mu 1973, ndi Yatterman mu 1977. Ana aja atakula sanaiwale ngwazi za ubwana wawo, ndipo ena a iwo anakhala opanga akanema. Motero Casshern anaseweredwa ndi anthu mu 2004, Yatterman mu 2009, ndi Gatchaman mu 2013.

Tsopano tione Casshern. M'katuni ya 1973, katswiri wa sayansi dzina lake Azuma anapanga maloboti kuti azitumikira anthu. Imodzi itagundidwa ndi mphezi inapandukira anthu, nisonkhanitsa gulu lankhondo la maloboti. Mwana wa katswiriyo, Tetsuya, anapereka thupi lake laumunthu kuti asanduke makina amphamvu, namenyana nawo pamodzi ndi galu wake wachitsulo, Friender. Pamenepa zonse zili poyera: woipa ndi uyu, wabwino ndi uyo.

Koma Kazuaki Kiriya, amene anali ndi zaka 5 zokha pamene katuniyo inayamba, anaitembenuza nkhaniyi mu 2004. M'kanema wake dziko lasakazika ndi nkhondo ya zaka 50. Tetsuya ndi msilikali wofera kunkhondo, ndipo atate wake amuukitsa ndi mankhwala amene anali kuwafufuza pofuna kuchiza mkazi wawo wodwala. Adani ake ndi anthu otuluka m'mankhwala omwewo, amene ambiri a iwo anaphedwa ndi asilikali a boma atangoona dzuwa. Opulumukawo ndiwo afuna kulipsira. Potsiriza timva kuti Tetsuya yemwe anaphako munthu wosalakwa kunkhondo kuja. Akulu anati choipa chitsata mwini.

Nanga chinasintha nkhaniyi nchiyani? Ine ndiona zifukwa ziwiri. Choyamba, oonera anali atakula, ndipo wamkulu adziwa kuti pankhondo palibe wotsala woyera manja. Chachiwiri, chithunzi chojambula chikamenyedwa sitimva chisoni kwenikweni, koma nkhope ya munthu wamoyo ikalira, mtima wathunso uwawa. Chodabwitsa nchakuti kujambula sikunathe ayi: osewerawo anali kuima patsogolo pa nsalu yobiriwira, ndipo mizinda ndi maloboti zinajambulidwa pambuyo pake ndi kompyuta.

Takashi Miike anadzera njira ina ndi Yatterman. Katuni imeneyi inali yanthabwala, ya mkazi wakuba dzina lake Doronjo ndi anyamata ake awiri, amene agonja nthawi zonse koma osatopa. Miike anasunga nthabwalazo ndi zovala zake zoseketsa, Kyoko Fukada nasewera monga Doronjo. Anthu anakhamukirako, ndipo kanemayo anapeza ndalama zoposa mayeni 3 biliyoni. Opanga Gatchaman wa 2013 anavula ngwazi zisanu zija zovala zawo zowala zonga mbalame, naziveka zakuda, naonjezapo nkhani ya chikondi. Ambiri okonda katuni yakaleyo anadandaula kuti ngwazi zawo sanazizindikire.

Phunziro ndilitengapo ine ndi ili. Kusintha nthano si mlandu, pakuti Kiriya anasintha zambiri, koma anasunga mtima wa nkhaniyo, ndiwo mnyamata wotaya umunthu wake chifukwa cha ntchito ya atate wake. Miike nayenso anadziwa kuti mtima wa Yatterman ndi phwete. Wolakwa ndi iye amene asintha asanafunse chimene anthu anaikondera nthanoyo poyamba. Chifukwa chake, anzanga, tsiku limene tidzatenga nthano yakale kuti tiisewere pamaso pa sukulu yonse, tiyambe tagwirizana kuti mtima wake uli pati, ndipo zovala tidzasoke pambuyo.