WOCHEPETSA THUPI AKAITANIDWA KU PHWANDO

Pa zipatala za m'maboma a Machinga ndi Balaka, kuyambira pa chipatala chachikulu cha ku Liwonde ndi cha pa boma la Balaka kufikira zipatala zing'onozing'ono monga za ku Ntaja, Nsanama, Ulongwe ndi Phalula, pamafika anthu ambiri amene adokotala awalangiza kuti achepetse thupi. Ena ali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ena a shuga, ndipo ena mawondo ndi msana zikuwawawa chifukwa cha kulemera kwa thupi. Pa masiku wamba anthuwa amayesetsa kutsata malangizo. Chimene chimawasautsa ndi tsiku la ukwati, la Khirisimasi, la Idi, la sadaka, kapena tsiku limene anamwali akutuluka, pamene mpunga, nyama ya mbuzi, thobwa ndi zakumwa za m'mabotolo zimachuluka pabwalo. Phunziro lathu la mwezi uno likunena za masiku otere.

Nkhaniyi yatifika ndi kumudzi komwe

Kale tinkaganiza kuti matenda awa ndi a anthu olemera a m'tauni okha. Koma m'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, udayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno. Padapezeka kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi magazi othamanga kwambiri, ndipo pafupifupi anthu 6 mwa 100 alionse anali ndi matenda a shuga. Ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe kuti akudwala. Kafukufuku wina wa boma wa m'zaka za 2015 ndi 2016 adapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupyola muyeso.

Thupi likanenepa kwambiri, mtima umagwira ntchito yakalavulagaga popopa magazi, ndipo shuga savuta kukwera. Mapeto ake amakhala kufa kwa ziwalo, matenda a impso, khungu, kapena zilonda za kumapazi zosapola. Chosangalatsa n'chakuti sipafunika kuonda kwambiri kuti zinthu zisinthe. Munthu wolemera makilogalamu 80 akachotsako 4 kapena 5 okha, kawirikawiri magazi ndi shuga zimayamba kutsika.

Tichenjezane msanga kuti phunziroli ndi la achikulire amene a chipatala awayeza ndi kuwauza kuti achepetse thupi. Ana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ndiponso odwala chifuwa chachikulu asadzimane chakudya. Munthu amene akuonda yekha popanda chifukwa chodziwika apite ku chipatala mwamsanga.

Maganizo anayi amene amasokeretsa

1. "Tsiku limodzi silioza mbewa." Mwambiwu ndi woona. Mbale imodzi ya mpunga ndi nyama pa ukwati siinganenepetse munthu amene masiku onse amadya mosamala. Vuto ndi lakuti masiku amene timawatcha "limodzi" amachuluka tikawawerenga. M'chilimwe, anthu akakolola ndi kugulitsa thonje, nandolo kapena mpunga, maukwati amachitika pafupifupi Loweruka lililonse. Onjezanipo tsiku la msika pamene mumaima pa chiwaya kudya tchipisi ndi kanyenya, ndiponso mandasi a m'mawa uliwonse. Mukaphatikiza mudzapeza kuti mwezi wonse wathera pa phwando.

2. "Ndalakwa kale, ndingodyeratu." Awa ndiwo maganizo oopsa koposa onse. M'chaka cha 1975 akatswiri awiri ku America, C. Peter Herman ndi Deborah Mack, adapatsa atsikana a pa yunivesite chakumwa cha mkaka chonona ndi chotsekemera, kenaka n'kuwaikira ayisikilimu kuti alawe. Atsikana amene sankadzimana chakudya adangodya pang'ono poti anali atakhuta kale. Koma amene ankadzimana kuti achepetse thupi adadya ayisikilimu wambiri atamwa chakumwacho kuposa anzawo odzimana amene sadamwe. Mumtima mwawo adati lamulo laswedwa kale, palibenso chosunga. Zomwezi zimachitika kwathu kuno. Mayi wadya chitumbuwa chimodzi pa msonkhano wa banki m'khonde, wadziona ngati wolephera, ndipo sabata yonseyo wataya malangizo. Taganizani: dengu la ufa likapendekeka n'kutayikako chikho chimodzi, kodi mumakhuthula wotsalawo pansi?

3. "Mawa ndidzakhala ndi njala kuti ndibweze." Ena amakhala osadya kuyambira m'mawa podikira phwando, kapena amasala tsiku lotsatira ngati chilango. Munthu wofika pa phwando ndi njala yaikulu amadya kuwirikiza. Kwa wodwala shuga amene amamwa mapiritsi kapena kubaya jekeseni ya insulini, kudumpha chakudya n'koopsa, chifukwa shuga angatsike kwambiri. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta, chizungulire, kusokonezeka mutu, ngakhale kukomoka kumene.

4. "Anthu adzati chiyani?" Pa chikhalidwe chathu kukana chakudya kwa eni khomo kumaoneka ngati mwano, mwinanso ngati kuwakayikira. Ambiri amaonanso kunenepa ngati chizindikiro cha mtendere pa banja, ndipo munthu akayamba kuchepa thupi ena amanong'onezana kuti wadwala. Mantha otere apangitsa anthu ena kusiya malangizo a chipatala. Koma onong'onawo sadzakhalapo kuti akusenzeni tsiku limene mwendo ndi mkono zidzafe.

Zimene zabisala m'zakudya za pa phwando

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zinthu zitatu ndizo tiyenera kuziyang'anitsitsa.

Choyamba ndi shuga. Bungwe la WHO m'chaka cha 2015 lidalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asapitirire magalamu pafupifupi 50 pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndiye kuti masupuni a tiyi 12, ndipo lidati n'kwabwino koposa kulekeza pa masupuni 6. Zakumwa zambiri zotsekemera za m'botolo la mamililita 300 zimakhala ndi shuga wokwana masupuni 7 kapena 8. Mabotolo awiri okha apyola kale muyeso wa tsiku lonse, tisanawerenge thobwa wothira shuga. Komanso munthu amene amathira masupuni 3 m'kapu ya tiyi kawiri pa tsiku amamwa masupuni 180 pa mwezi, amene ndi pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a paketi ya kilogalamu imodzi. Apa mutha kuona kuti tiyi wa tsiku ndi tsiku amaononga kuposa ukwati wa kamodzi pa mwezi.

Chachiwiri ndi mafuta. Galamu imodzi ya mafuta imapatsa thupi mphamvu zopitirira kawiri zimene galamu imodzi ya ufa kapena shuga imapereka. Mbatata kapena chinangwa chophika ndi chakudya chabwino, koma chomwecho chikakazingidwa pa chiwaya chimamwa mafuta ambiri. N'chimodzimodzi mandasi, zitumbuwa, zigege ndi nyama yonona. Mphamvu zimene thupi silidagwiritse ntchito limazisunga ngati mafuta, makamaka pamimba.

Chachitatu ndi mchere. Munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti supuni ya tiyi imodzi yosadzaza, kuphatikiza wa m'ndiwo zonse. Mchere wothira pa kanyenya ndi pa tchipisi umakweza magazi ndipo umasunga madzi m'thupi. N'chifukwa chake munthu akakwera sikelo m'mawa mwake atachoka ku phwando amapeza kuti walemerako. Kwakukulu amenewo amakhala madzi ndi chakudya chimene chikadali m'mimba, ndipo pakapita masiku owerengeka sikelo imabwerera. Musataye mtima nazo.

Mowa nawo, kaya ndi masese kaya kachasu, umanenepetsa ndi kukweza magazi, ndipo munthu akaledzera amaiwala zonse zimene adapangana ndi adokotala.

Zoyenera kuchita pa tsikulo

Pitani ku phwando ndipo kasangalaleni ndi abale anu, pakuti malamulo okhwimitsa kwambiri sakhalitsa. Koma kumbukirani izi:

1. Idyani chakudya chanu cha m'mawa monga mwa masiku onse, ndipo imwani mankhwala anu pa nthawi yake.

2. Musanachoke pakhomo sankhiranitu chinthu chimodzi chimene mumachikonda koposa. Ngati ndi nyama ya mbuzi, idyani nyamayo ndipo mumwe madzi m'malo mwa chakumwa chotsekemera. Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

3. Gawani mbale yanu motere: theka likhale ndiwo zamasamba monga kabichi, mpiru kapena nkhwani, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale nyama, nsomba kapena nyemba, lotsalalo likhale mpunga kapena mtanda umodzi wa nsima.

4. Idyani pang'onopang'ono mukucheza, chifukwa pamapita kanthawi kuti thupi lizindikire kuti lakhuta. Musabwereze mbale.

5. Akakukakamizani, yankhani mwaulemu kuti, "Zikomo kwambiri amayi, ndadya ndithu ndipo zakoma. A chipatala adandiuza kuti ndizilekeza pamenepa." Palibe mwini khomo wanzeru amene angakwiye ndi mawu otere.

6. Gule akayamba, vinani. Ngati kwanu si kutali, bwererani wapansi m'malo mokwera kabaza.

7. M'mawa mwake bwererani ku chakudya chanu cha nthawi zonse: nsima ya mgaiwa, masamba monga bonongwe, chisoso ndi kholowa, nandolo kapena khobwe, matemba kapena usipa, ndi zipatso za nyengo yake. Musadzilange ndi njala, ndiponso musadikire Lolemba kapena mwezi wa mawa kuti muyambirenso.

Mawu kwa abale athu Achisilamu

Wodwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi amene akufuna kusala m'mwezi wa Ramazani ayambe wakaonana ndi adokotala mweziwo usanafike, kuti amuuze ngati n'kotheka ndiponso mmene angamwere mankhwala. Pomasula madzulo yambani ndi madzi, idyani futali wapakatikati, ndipo chepetsani shuga m'phala ndi mu tiyi. Pa tsiku la Idi tsatani malangizo amene tatchula pamwambapa.

Mawu kwa eni phwando ndi a pabanja

Mutu umodzi susenza denga. Mukamakonza phwando, phikani ndiwo zamasamba zambiri ndipo ikani madzi abwino akumwa pamalo oonekera. Patulani thobwa wina musanathire shuga. Mlendo akanena kuti wakhuta, mumvereni. Pakhomo, bambo kapena mayi akalangizidwa kuchepetsa mchere ndi mafuta, banja lonse lidye naye chimodzimodzi, pakuti chakudya choterocho n'chabwino kwa aliyense. Wodwalayo azipita kukayezetsa magazi, shuga ndi sikelo pa tsiku limene a chipatala adamulembera, ngakhale sabata imeneyo adye zambiri motani. Adokotala ndi alangizi a zaumoyo alipo kuti akuthandizeni, ndipo amathandiza bwino mukawauza zoona.

Mafunso okambirana podikira kuonana ndi adokotala

1. M'mwezi wathawu, ndi masiku angati amene mudadya zokazinga kapena kumwa zotsekemera?

2. Mumathira masupuni angati a shuga mu tiyi? Kodi mungachepetseko imodzi kuyambira mawa?

3. Mnzanu wodwala shuga akanena kuti sadya tsiku lonse podikira ukwati, mungamulangize zotani?

4. Ndi mawu ati aulemu amene kwanuko mungakanire nawo mbale yachiwiri osakhumudwitsa eni khomo?