Pakhonde pa Azakhali: Apongozi anawaimitsa ndi mwendo umodzi

Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ndi apongozi anga aakazi a zaka 68. Nyamakazi inawagwira m'zala ndi m'mawondo, moti m'mawa ngakhale kumanga duku kumawavuta. Adokotala anatitumiza kwa a fiziyo. Kumeneko anawapatsa kachitsulo koti afinye, kenako anawauza kuti aime ndi mwendo umodzi, adzuke pampando, ayende n'kubwerera, mtsikana wina akuwerenga nthawi pa foni. Jakisoni sanawabaye. Apongozi akuti sadzapondakonso, iwo si mwana wa sukulu ya mkaka. Chonyansa china, bambo akunyumba, amene amamenya mpira Lamlungu ndi kunyamula zitsulo, anapempha kufinyako. Anafika 52, mayi awo 13, ndipo akulengeza mpaka kumaliro. Kodi kumeneku n'kuyeza matenda kapena tinangotaya ya minibasi?

Ine wothedwa nzeru,
Chilomoni, Blantyre

Mwana wanga,

Ndiyambe ndi ngwazi yakoyo. Munthu wa ndevu zake kupambana mayi omubala, odwala nyamakazi, n'kumayenda chifuwa patsogolo! Popeza mphamvu zamuchulukira, kuyambira mawa mthiko ndi wake, kufinya mabulangete pochapa ndi kwake. Manja a 52 asamangogwira rimoti.

Ya minibasi simunataye. Kachitsuloko ndi dynamometer, ndipo kamene kamadziwika kwambiri m'zipatala ndi ka Jamar. Munthu amakhala pampando, chigongono chopinda ndi chogundika kunthiti, n'kufinya ndi mphamvu zonse, kawirikawiri katatu dzanja lililonse. Muvi umasonyeza makilogalamu. Akatswiri a za ukalamba ku Ulaya anagwirizana mu 2019 kuti mzimayi akatsika pa 16, mwamuna pa 27, ndiye kuti minofu yafooka moyenera kuifufuza. Apa waona wekha kuti 13 ya apongozi si yoseketsa.

Koma usathamangire kulira. Dzanja la nyamakazi silifinya mmene minofu ingathere, limafinya mpaka pamene ululu wanena kuti basi. Zala zikatupa nambala imagwa, kutupa kukaphwa imakwera. N'chifukwa chake a fiziyo ena, akaona kuti chitsulo chikupweteka wodwala, amatenga lamba woyezera BP uja, kumupinda, kumupopa pang'ono, wodwala n'kufinya chinthu chofewa. Amafuna kudziwa ngati mankhwala ndi mafizo zikugwira ntchito. Nambala ya lero payokha ndi mbewu chabe, phindu lake lidzaoneka akadzaiyerekeza ndi ya ulendo wotsatira. Wopikisana ndi apongozi ndi apongozi omwewo a mwezi watha, osati mwana wawo wonyamula zitsulo.

Ndipo dzanja limaulula zambiri kuposa za dzanja. Mu 2015 magazini ya zachipatala ya The Lancet inatulutsa zotsatira za kafukufuku wa PURE, amene anayeza anthu pafupifupi 140,000 m'mayiko 17, kuphatikizapo Zimbabwe ndi South Africa. Anapeza kuti mphamvu yofinya ikachepa ndi makilogalamu 5 alionse, chiopsezo cha imfa chinkakwera ndi 16 peresenti. Izi usakawawerengere apongozi usiku, angayambe kugawa mbuzi. Usakawagulirenso kampira kofinya poganiza kuti wawagulira zaka. Dzanja ndi mboni chabe ya mmene thupi lonse lilili.

Tsopano za mwendo umodzi, zimene zawanyazitsa. Kuti munthu aime osagwa, maso, mkati mwa khutu ndi timitsempha ta m'mawondo ndi mu akakolo zimakhala zikuuza ubongo pamene thupi lili. Bondo la nyamakazi limanena mochedwa, ntchafu nayo imafooka chifukwa munthu amaopa kuiponda. Tsiku lina popita kubafa, khu! pansi. Ndipo fupa la m'chiuno likathyoka pa zaka zimenezo, ambiri sabwereranso mwakale. Kudzuka pampando kuja, kuyenda mamita atatu, kutembenuka n'kudzakhalanso, n'kuyeza kodziwika padziko lonse: wotenga masekondi 12 kapena kuposerapo amamuyang'anira kuti angagwe. Ku Brazil nako, kafukufuku wa mu 2022 pa anthu 1,702 a zaka 51 mpaka 75 anapeza kuti mmodzi mwa asanu alionse ankalephera kuima ndi mwendo umodzi kwa masekondi 10. Uwauze apongozi kuti gulu lawo ndi lalikulu, muli ndi azungu omwe.

Nanga katswiri wa Lamlunguyo? Ochita masewera nawonso amayezedwa, ndipo amathira thukuta. Amaima ndi mwendo umodzi pakati pa mizere itatu yooneka ngati Y, n'kumatambasula mwendo winawo kutsogolo ndi cham'mbuyo mbali zonse ziwiri, osatsamira pansi. Chimene amafuna si kutalika kwa mwendo, koma kusiyana kwa wamanja ndi wamanzere. Ku America mu 2006, pa ana a sekondale osewera basketball, amene miyendo yawo inasiyana kuposa masentimita 4 potambasulira kutsogolo ankavulala miyendo kawiri ndi theka kuposa anzawo. Uonere atsikana athu a netibo mmene amaterera ndi phazi limodzi atawakha mpira, umvetsa chifukwa chake akakolo ndi bondo zimakhala zoyamba kulira. Munthu amene anabinyapo kakolo, n'kungothira mankhwala otentha n'kubwerera m'bwalo, nthawi zambiri amabinyanso pomwepo.

Ndikubetcha nkhuku yanga yoikira kuti mwamuna wakoyo anabinyapo. Madzulo ano avule nsapato, aime ndi mwendo wobinyawo, manja m'chiuno, atsinzine. Iwe gwira foni. Apongozi uwaikire mpando pabwino ndi kapu ya tiyi, aonere. Ukadzandilembera undiuze kuti anagwera mbali iti.

Apongozi abwerereko ndithu. Usawakalipire, ungowauza kuti mtsikana wa foni uja akudikira kuona ngati 13 yafika 15, akulu sakonda kusiya mlandu pakati. Mukapemphe kuti manambala onse alembedwe m'buku lawo lakuchipatala, ndipo muzipita nthawi yofanana, chifukwa dzanja la m'mawa ndi la masana si limodzi. Mukafunsenso kuti nyamakazi yawo ndi iti. Ngati zala za manja onse awiri zimatupa n'kukhala zouma ola lathunthu m'mawa, ingakhale ija imene chitetezo cha m'thupi chimaukira mfundo za mwini wake, ndipo imeneyo imafuna mankhwala ake msanga, osati panado ndi mapemphero okha. Akamayeserera kuima kunyumba, aime pafupi ndi khoma kapena tebulo lolimba, wina ali pambali. Ndodo asaichitire manyazi, ndipo aziigwira ku dzanja la mbali imene bondo lili bwino.

Iwenso sindikusiya. Ndikuwadziwa akazi a ku Chilomoni, khonde mumalipaka polishi wofiira mpaka neba azidziyang'anirapo. Chepetsa, chotsa kasaka ka pakhomo kaja, uike getsi panjira ya kuchimbudzi, ndipo patapata wawo wakutha chidendene uja umutaye iwo ali ku Mvano.

Ndine,
Azakhali